Masamu a pa Katoni

Pa Lizulu chifunga chimatsika ngati wangongole,
osagogoda, osapereka moni.
Ikangokwana faifi, kachewere wanga saonekanso,
mabasi a usiku amakaima pa anzanga a nyali.

Bambo ake a Ndaziona, popita ku Joni,
anandisiyira sola imodzi, batire limodzi
ndi mawu akuti ndibwera mvula ikagwa.
Yagwa kanayi.

Ndiye Lachitatu ndinagula babu la galimoto
kwa mnyamata wa tsidya la msewu, ku Mozambiki,
ndikuti ili lokha liwala mpaka ku Mlangeni.
Linawaladi. Ndowa zitatu zinapita.
Kenaka fungo la pulasitiki wopserera,
kawaya ka wailesi ndinalumikizira kaja katafewa ngati chingamu,
batire lili zii,
mafoni asanu ndi awiri a eni ake osalawa moto.
A Nangozo anatenga yawo osandiyang'ana kumaso.

Ndaziona sanandiseke.
Anadikira batire liwothere dzuwa tsiku lathunthu,
nakabwereka mita kwa a Kamtedza okonza mawailesi,
kachikasu, ka zingwe ziwiri, chofiira ndi chakuda.
Anang'amba katoni ya sopo, nakhala pa thumba la kabichi,
yunifolomu ya Folomu 3 asanavule n'komwe.

Amayi, gwirani apa.
Batire likukankha ndi mavolti khumi ndi awiri.
Tsopano onani omwe akudutsa: maampu anayi.
Khumi ndi awiri, tigawire anthu anayi?

Atatu, ndinatero. Funso la mwana limenelo
kwa ine woyika milu ya tomato chiyambire utsikana.

Eya, maomu atatu. Ndilo liuma la babu lanuli,
mmene limakanira magetsi. N'lochepa.
Chitseko chake chilibe mpiringidzo, aliyense angolowa.

Ananyambita pensulo.
Tsopano khumi ndi awiri, kanayi.
Ndinawerenga ngati ndalama za ndowa: fote eyiti.
Mawati amenewo, Amayi. Ndiko kudya kwake.
Kawaya kanu kaja munakasenzetsa thumba la feteleza
kali khosi la mwana.

M'thumba mwake munatuluka kababu koyera,
kakang'ono ngati dzira la nkhunda.
Mita inati theka la ampu.
Apa mutu unaima. Kugawa ndi theka?
Iye anatola mpeni wanga wosendera:
mbatata khumi ndi ziwiri mutazidula pakati,
zibanthu zingati?
Twente folo.
Maomu amenewo. Aka ndiye kaliuma zedi.
Nanga theka la khumi ndi awiri?
Sikisi.
Mawati sikisi basi. Timababu totere tikhale tisanu ndi titatu
kuti tidye zomwe chadyera chija chimameza chokha.

Ndinakhala chete, basi ya ku Blantyre ikulira malaya ake a mphepo,
ana a kaloti akuthamangira mawindo.
Ndiye kuti waliuma ndi amene amadya pang'ono
nachezera usiku wonse ali maso?

M'magetsi, Amayi. Ine ndikunena za magetsi.

Sindinamuuze kuti alamu anga, chaka chatha,
atabwera ndi mwamuna wa njinga yamoto wa ku Tsangano,
ati mwanayu wakula, fizi ikungowononga ndalama,
anachoka akupukusa mutu:
mkazi iwe, liuma lako lidzakupweteka.

Katoni ija ndinaikhoma pamwamba pa benchi,
mvula yadontherapo, folo wina wayamba kufufutika.
Timababu tiwiri tikuyaka, mafoni akudya moto.
A Nangozo anabweranso Loweruka,
akuti kuwalako n'kochepa.
Ndinati inde, mawati thwelofu,
koma kukacha mudzapeza tikadali pano.

Babu la galimoto lili m'chitini cha misomali.
Ndaziona akuti tisataye,
akufuna akaonetse aphunzitsi Lolemba.