Bawuti wa Lachisanu

Inabwerera tsiku lachitatu,
Sienta ya Abiti Ndala, yotuwa ndi fumbi la ku Namwera.
Ndinali kunsi kwa lole ya eni,
koma ndinaizindikira kulira kwake ndisanaone matayala.

"Che Twaibu, tulukani.
Injini munandiikira ija ili ndi malungo."

Ndinatuluka ndikupukuta manja pang'onopang'ono.
Injiniyo inadutsa zipata ziwiri pamsana pa thiraki,
ndalama yake anaitolera ndi mlongo wawo ku Joni,
zaka ziwiri akutchetcha kapinga wa anthu ena,
ndipo amene anaitsitsa ndi tcheni pamtengo wa mango uwu
n'kuikhazika pamalo pake
ndine.

"Ikaima, ili zii.
Potsetsereka pa Chowe ndikachotsa phazi, bwinobwino.
Koma ndingoti ndiponde moto,
chiwongolero chimandiluma m'manja,
galasi limavina,
mathireyi atatu a mazira afika pa Boma ali phala."

"Matayala," ndinatero,
poti matayalawo sindinawagwire ine.
Anandiyang'ana.
"Tayala limadziwa bwanji kuti ndaponda moto?"
Sumani, mnyamata wanga, anabisa mano kuseri kwa boneti.

Tinamasula mapulagi, anayi onse
ofiirira bwino ngati mtedza wokazinga.
Ndinatsamiritsa chitsulo pa injini, nsonga ina kukhutu:
mtima wake sunaphonye ndi kamodzi komwe.
Ndinagwedeza mashafiti, ndinafinya mphira zake
kusaka girizi wothawa. Zonse zopanda mlandu.
Ndinatukwana wogulitsa wa ku Joni
amene ngakhale nkhope yake sindiidziwa.

Tinawoloka mlatho wa Shire tili atatu,
botolo la madzi lili pakati pa mipando.
Pachidikha madzi anagona.
Chitunda chitayamba, phazi litatsika,
madzi anadzuka, mano anga anagundana.
Atachotsa phazi, anagonanso.

Pamenepo ndinasiya kuyankhula.
Chinthu chonjenjemera pokhapokha chikasenza katundu
chili ndi pena pamene sichinagwire.

Tinaima pambali pa ogulitsa makala.
"Ikani giya, pondani buleki zolimba,
kenako moto, pang'ono chabe."
Boneti ili yasa, ndinaiona injini
ikudzuka mbali imodzi
ngati munthu wokhalira mpando wothyoka mwendo.

Ndinagona paphula lotentha, tochi ya foni m'kamwa.
Maunting'i a kumbuyo. Mphira yayamba kung'ambika.
Bawuti mmodzi ndinangomukhudza ndi chala, anazungulira.
Pa mnzake panali bowo lokha, likundiyang'ana.

Lachisanu lija.
Dzuwa lili paliwombo, mawu oitanira kumzikiti anamveka,
ndinamanga ndi zala, ndikuti ndidzalimbitsa pobwera.
Pobwera ndinapeza minibasi yawira,
kondakitala akukuwa, anthu ali m'mawindo.
Bawuti winayo mkazi wanga anamupeza m'thumba la ovololo pochapa.
Ali pawindo kunyumba. Mwana amasewera naye.

Kunsi kwa galimoto kuli mthunzi wabwino wonamiramo.
Ndikanatha kunena kuti maunting'i ndi akale,
atha okha, gulani ena,
ndipo akanatsegula kachikwama kawo osafunsa.
Koma Sumani anali atagwada pafupi,
maso ake pa chala changa,
ndipo ndi ine ndinamuphunzitsa kuti bawuti samangidwa ndi mawa.

Ndinatuluka, msana uli mbuu.
"Injini ilibe mlandu, mayi. Mlongo wanu anagula yabwino.
Wodwala malungo ndine."

Sanakalipe. Anakonza mpango wawo,
n'kuyang'ana phiri limene linkawadikira.
"Thireyi imodzi mukudziwa mtengo wake?"

Ndikuudziwa tsopano, kuchulukitsa katatu.
Madzulo Sumani anapalasa njinga kukatenga bawuti pawindo,
mwana analira,
ndinamanga mpaka sipanala inakana,
ndi kumupatsa Sumani kuti ayese naye,
ine ndikuona.