Mkono Ufike Paphewa

Ikakwana seveni koloko madzulo
timakumana pansi pa mlatho wa magalimoto ku Shapingba,
pomwe mvula ya mu Chongqing siifika
koma phokoso limafika lonse.
Ran Guixiang amakoka sipika yake pa kangolo ka kumsika,
pamwamba atasanjikapo anyezi ndi tsabola wa mawa.
Akangotsegula, tayamba.
Palibe woitana maina.

Ine ndinatha zaka makumi atatu pa makina osokera,
m'fakitale momwe dzina lako linkalembedwa pa bolodi,
pambali pake nambala ya makolala omwe wasoka.
Wachitatu. Wachisanu ndi chiwiri. Wachitatunso.
Ndinaphunzira kuyang'ana mnzanga cham'mbali,
kumva makina ake ngati galu wondithamangitsa.
Nditapuma pa ntchito, diso lija silinapume nawo:
linkawerenga masitepe, mapiritsi,
masiku omwe mwana wanga sanaimbe foni kuchokera ku Shenzhen.

Tsiku loyamba ndinaima kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chipilala,
chikwama chili kukhwapa ngati munthu wongodutsa.
Onse atalowera kumanzere ine ndinalowera kumanja,
n'kuwombana ndi mayi wina wamfupi wonunkhira mankhwala opaka m'mawondo.
Ndinadikira diso loipa.
Iye anangondigwira m'chiuno, kunditembenuza ngati mpando,
n'kupitiriza kuvina.
Ameneyo ndi Mou Defen. Ndikamukumbutsa amati sizinachitike.

Adokotala akuti magazi asiya kuthamanga monga kale.
Ndinawauza kuti mankhwala ndi omwe aja,
ndangosintha komwe mdima umandipeza.
Tulo, timene tinandithawa chaka chomwe ndinaika mwamuna wanga,
tabwerera pang'onopang'ono ngati mphaka wa eni ake,
lero pakhomo, mawa pampando,
kenako m'bulangete mwenimweni.
Bondo lakumanja likadali ndi mwano,
koma tsopano lili ndi anzake odandaula nawo.

Chaka chatha Xiong Yuhua anasowa miyezi inayi.
Anatulukira m'nyengo yozizira,
tsitsi likuphuka kumene ngati msipu wa pa lupsa,
bere limodzi atalisiya kuchipatala.
Mkono wake wamanzere sunkapitirira phewa.
Pali nyimbo ina yomwe timaponya manja onse m'mwamba
ngati tikuyanika nsalu pa chingwe chachitali.
Itafika pamenepo iye anaima chilili,
maso pa nsapato zake.

Sindikudziwa anayambitsa ndani.
Sitinakhale pansi, sitinapangane.
Mawa lake nyimbo ija itafika pa chingwe chija,
manja a amayi makumi anayi anakwera,
kufika paphewa,
n'kuima pomwepo.
Yuhua sanalire. Anatitukwana pang'ono,
akuti tikuoneka ngati nkhuku zonyowa,
ndipo anavina mpaka nyimbo yomaliza.

Pano mkono wake umakwera ndithu,
amafikira yekha mtsuko wa pa shelefu yapamwamba.
Koma gule uja anatsala momwemo.
Sabata yatha mtsikana wogulitsa mafoni, wobwera kumene,
anandinong'oneza kuti kwawo ku Fuling
pamenepa amakweza mpaka m'mwamba.
Ndinati kuno ufikitse paphewa basi,
ndipo ukasochera usaope, alipo wokutembenuza.

Isanakwane naini Guixiang amazimitsa sipika,
poti m'nyumba zosanja zija ana akulemba za kusukulu.
Timapukuta thukuta, timagawana malalanje,
wina afunsa za mpongozi, wina za mtengo wa nkhumba,
wina sanena kanthu, ndipo timamusiya asanene.
Sitima yapamwamba imadutsa, mawindo ake ali ngwee.
Ndimakwera phiri kupita kwathu, malaya atamatirira kumsana,
mapazi akubwerezabe pomwe ndinalakwitsa.

Masitepe ofika pakhomo panga ndi angati?
Ndinkadziwa.