Mpata wa Voitto

Ku Otaniemi dzuwa lalowa isanakwane folo koloko.
Chipale chofewa chakwirira njinga panja pa labotale,
koma kuzizira kwenikweni kuli muno,
m'mimba mwa mgolo wachitsulo wolenjekeka kudenga,
momwe pampu ikuguguda, gu, gu, gu, tsiku lachitatu.

Voitto Pesonen, mmisiri wa zala zisanu ndi zinayi,
anandilanda sipanala Lolemba.
"Wamangitsa, Kerttu. Siya mpata.
Mkuwa ndi galasi sizifupika mofanana.
Ukazipana pamodzi kuno kotentha,
pofika pansipo china chidzang'alula chinzake."

Ndinasiya mpata wopyapyala ngati tsitsi.

Tsopano ndili ndekha ndi khofi wopola,
maso pa manambala akutsetsereka pa sikirini.
Mkuwa wafupika, wafupikabe,
pa mita imodzi wataya mamilimita atatu,
kenako zii, waima.
Kachidutswa ka silikoni, kamakani,
kanafika pakati pa ulendo n'kuyamba kufufuma
anzake akukhwinyata,
mpaka nako kanatopa nayo mikangano.

Kunsi kwa digiri imodzi kulibenso chofupika.
Maatomu aleka kugundana mapewa,
aliyense waima pake,
kwangotsala kanjenjemero kosachotseka
ngakhale utapopa chaka chathunthu.
Heliyamu yekha wakana kuundana,
akukwawa pakhoma la chikho kupita m'mwamba
ngati waiwala kuti pansi n'kuti.

Kuno zing'onozing'ono zimapweteka.
Basi ikadutsa mumsewu, nambala imalumpha.
Ndikamenyetsa chitseko, ndataya ola lonse.
Chinthu chimene chatha nacho kutentha chonse chosunga
chimamva ngakhale kuphethira kwa diso.

Ziro weniweni sitidzamufika, anatero Voitto,
timangodula theka la mtunda wotsala,
n'kudulanso theka, n'kudulanso.
Ananena akupukuta manja pa ovolosi,
osandiyang'ana.
Mkazi wake ali kunyumba ya okalamba ku Lohja.
Amakwera basi Lamulungu lililonse kukamuona.
Mayiyo dzina la mwamuna wake analiiwala chaka chatha,
nkhope nayo inatsatira,
koma akamugwira dzanja
zala zimayankhabe, pang'ono.

Folo koloko ya m'bandakucha:
mamilikelivini khumi ndi awiri.
Galasi silinasweke.
Ndalemba nambala m'buku ndi pensulo,
ndavula nsapato,
ndikunyang'ama kupita kukazimitsa nyale.