Kadontho Kofiira

Makina aja ndawavundukula lero, Nangondo.
Chitenje chomwe munawafunditsa chikadali ndi fungo la sopo wanu.
Miyezi isanu akhala pakona apo,
ine kumawalambalala ngati munthu amene ndinamukongola.

Ndaziona wasankhidwa, akupita kusekondale yogonera komweko.
Kalata ikuti chilichonse chikhale ndi dzina,
bulangeti, siketi, ngakhale thaulo.
Mwanayo sanandipemphe.
Wangoziunjika pampando n'kupita kumjigo.

Zaka makumi atatu ndinasanja zilembo ku Printi ya Boma.
Dzina la mwana wanga lingandikanike?

Landikanika.
Pamwamba msoko ukuguba bwinobwino ngati asilikali a kubalakisi,
koma kutembenuza nsalu, mayo ine,
chisa cha atchete.
Ndadula ndi lezala. Ndayambanso. Chisa china.
Ndatukwana bobini, ndaitulutsa, ndaiuzira fumbi,
ndapotokola kasikuluu kake ndi nsonga ya mpeni
mpaka kagwa,
ine chokwawa pansi pa kabati, bambo wamkuluwamkulu.

Masana ndatsikira ku Mpondabwino, chigamba m'thumba.
A Mkwanda pakhonde pawo sanalavule n'komwe mapini.
Achiyang'ana kuseri, aseka ndi mphuno:
“Achimwene, mukumenya wosalakwa.
Zikasokonekera pansi, mlandu uli pamwamba.
Ulusi wapamwamba walobodoka. Kungani.
Koma mukakungitsa nsalu ikhwinyata
ngati nkhope ya wodulitsa ziphaso mumsika muno,
kenako ulusi phwe.
Awiriwa amakokana, ndiyo ntchito yawo,
bola mfundo yawo ibisale m'kati mwa nsalu,
isaoneke uku, isaoneke uko.
Ndipo polowetsa ulusi muzikweza kaphazi.”
Ndati ndiwapatse ya tiyi, andibwezera dzanja.

Ndabwerera ku Sadzi chiperoni chikuwaza,
phiri lonse litamezedwa ndi nkhungu,
anyamata a kabaza atabisala pansi pa mibawa.

Kagudumu ka manambala kaja ndinali ndisanakaganizire.
Ndavala magalasi, ndayandikiza tochi ya foni.
Pakati pa 3 ndi 4 pali kadontho kofiira.
Kyutekisi wanu,
uja munkati ngwa pa Khirisimasi pokha.
Ndiye kuti ndinakasuntha ndine
tsiku lija ndinkapukuta nyumba yonse anthu atabalalika,
ndikusowa poika manja.

Ndabwezera pakadontho. Ndakweza kaphazi.
Ndayendetsa ulusi njira yake yonse,
kutsika, kukwera, kulowa diso la singano kachitatu chifukwa ndimaphonya.
Ndasoka pachigamba.
Kuseri kwasalala, koma osati kwenikweni,
timiyendo ta ulusi tikusuzumirabe.
Ulusi wanga si uja munkaitanitsa ku Limbe.
Uwu ngwa pamsika, woterera, wosamva.

Ndakhala kaye.
Kenako ndapitirira kadontho kanu, Nangondo,
pang'ono chabe, ngati m'mphepete mwa chikhadabo.
Mundikhululukire.

Msoko watuluka umodzimodzi mbali zonse.

Ndakunga ngodya ya thaulo pakamkombero ngati chikopa cha ng'oma,
ndadina zilembo,
singano n'kuyamba kudumpha yokha, ine manja m'mwamba.
Phokoso lija labwerera m'nyumba muno.
Mwanayo waima pakhomo, ndowa ikadali pamutu.
N. D. A. Z. I.
Magetsi thi!

Wabwera ndi kandulo.
Wapisa chala kuseri kwa nsalu, monga munkachitira,
kufufuza mfundo. Sanaipeze.
“Amayi ankayimba akamapeta,” watero.
Ndamuuza kuti zimenezo asandiyembekezere.
Waseka, kuseka kwenikweni,
koyamba chichokereni inu.

Zatsala zilembo zitatu, ndi bulangeti, ndi masiketi awiri.
Basi ndi Lolemba m'mawa.
Takhala pano tonse kudikira magetsi,
singano ili chilowere m'nsalu,
ulusi wapamwamba ndi wapansi akadagwirana.