Cholembera Chofiira

Okutobala walowa ndi mvula yamawawa,
mitengo ya pagolo tazula, ili m'galaja ya Fergus.
Ine ndatsala ndi ndandanda patebulo:
mayina makumi atatu, malo makumi awiri ndi anayi.

Ku Melbourne akusinthana anyamata ngati mbuzi za pamsika,
ndimamvera pafoni usiku
ndikamatembenuza nkhalamba zanga kuntchito.
Kuno ku Sheffield tilibe khobidi logulira munthu.
Declan wapita ku Leeds, watsata mkazi;
m'malo mwake atiponyera mwana wa sukulu ya udokotala,
wamtali ngati mlongoti,
sanaugwirepo mpira wonga dzirawu.

Asanu ndafufuta osaphethira.
Wachisanu ndi chimodzi wandikhala pakhosi:
Dzoole, amene anandikokera ku masewerawa tili m'basi,
chaka chomwe ndinalibe womupatsa moni.
Bondo lake likulira ngati chitseko,
akalumpha salekananso ndi udzu.

Tiyi wazizira.
Ndayang'ana pa nambala seveni, dzina langa,
zaka makumi anayi ndi chimodzi,
mapapo a fodya wakale.

Cholembera chadutsa pomwepo.

Mawa ndimuimbira Dzoole:
gula nsapato zatsopano, achimwene,
ine ndizinyamula madzi.