Njerwa Zosaoneka

Folo koloko m'bandakucha ku Gateshead.
Bambo Redpath agona, kapaipi ka mpweya kali m'mphuno,
makina akupumira m'mwamba pakona.
Ine ndatsegula kope pabondo.
Mayeso ndi Lachinayi, mutu wake maitokondiriya.

Aphunzitsi anajambula mabokosi anayi pabolodi,
koma ine ndinaona uvuni wa amalume ku Mponela,
ana tonse titandanda pamzere,
njerwa yofunda ikuchoka m'dzanja kulowa m'dzanja.
Woikakamira ankapsa. Woiponya patali ankaswa.

Elekitironi imayendanso choncho.
Ichoka m'shuga wa tiyi ndinawamwetsa madzulo uja,
khomo loyamba liilandira, silisunga,
liipatsira kamthenga koterera
kosambira m'mafuta a khoma.
Khomo lachiwiri lili pambali
ngati mlamu wobwera ndi njerwa zakezake,
naye apatsira kamthenga komweko.
Lachitatu liilandira, liitula kwa kamnyamata kofiirira
kokhala ndi chitsulo pamtima,
kathamanga nayo mpaka khomo lachinayi.
Wolandira aliyense ali ndi njala kuposa wopereka,
n'chifukwa chake mzerewo ulowera kumodzi.

Potsika imasiya mphamvu m'njira,
makomo atatu n'kumatunga mapulotoni,
kuwakankhira tsidya lina la khoma
mpaka kudzaze ngati damu la mu Febuluwale.
Pobwerera apeza kampata kamodzi,
pamenepo pali kachigayo kozungulira
kosula timakobiri
tomwe mtima umagulira kugunda kulikonse.

Kumapeto kwa mzere kwaima okosijeni, manja ali chitambasulire.
Alandira zinayi, atola mapulotoni,
basi, asanduka madzi.

Kope likuti sayanayidi amatseka khomo lachinayi,
mzere wonse n'kuima, aliyense njerwa ili m'manja.
Ndakumbuka chinangwa chowawa
chomwe mayi ankaviika masiku anayi,
akutimenya padzanja tikachiyandikira.
Dzina la khomolo sankalidziwa.
Ankadziwa maliro a kwa a Nasibeko,
ana awiri tsiku limodzi, chaka cha njala.

Bambo Redpath anawotcherera zitsulo za sitima
zaka makumi atatu m'mbali mwa Tyne.
Fumbi lija linakhazikika m'mapapo,
lero wolandira wotsiriza amafika mochedwa,
wobwereka kumakina,
milomo yawo yachita bii ngati nthudza.
Koma mzere sunaime.
Penapake m'chala chawo chopindikacho
njerwa ikudutsabe.

Atsegula diso. Kodi kwacha, mwanawe?
Ayi bambo, gonani.
Ndiwakonzera pilo, ndiwanyowetsa milomo ndi kathonje.

Zenera lachita nkhungu ndi mpweya wathu awiri,
wawo ndi wanga sizikusiyanitsika.
Ndijambulapo mabokosi anayi ndi chala,
ndaiwalanso kuti kamthenga kaja kamanyamula zingati.
Dontho limodzi lichoka pa bokosi lachinayi
kutsetserekera pansi.
Basi yanga ndi ya hafu sikisi.