Lamba wa Bambo Hetherington

Consett, Lachiwiri, basi sinabwere.
Ndayenda wapansi kuchokera ku Leadgate,
chipale chikukukuta pansi pa nsapato,
zala zanga zaiwala mwini wake.
Kiyi wakana kulowa pachitseko cha nambala 14
mpaka ndamuuzira mpweya ngati ndikukoleza mbaula.

Bambo Hetherington ali pampando, bulangete mpaka kuchibwano.
Zaka makumi atatu ankawerenga mphepo pa sitima zapanyanja.
Lero sakumbukira ngati amwa mapiritsi,
koma zakumwamba sanaiwale ngakhale chimodzi.

Ndati, kuzizira kumeneku kwachokera kuti?
Sabata yatha mvula inali yofunda,
maluwa atayamba kale kusuzumira m'kapinga.

Amasula lamba wa mkanjo wawo,
auyala patebulo pakati pa shuga ndi ketulo.
Uwu ndi mtsinje, atero, koma wa mphepo,
kumwamba kumene ndege zimadutsa,
wochoka kumadzulo kuthamangira kum'mawa.
Ukakhala ndi mphamvu umawongoka,
chisanu chonse chimatsekeredwa kumpoto.

Ngati khola, ndatero ine.
Sanamve. Ndabwereza: ngati khola la ng'ombe.
Aseka, mano akumtunda agwedera.

Kenako agwedeza lamba ndi dzanja lonjenjemera,
lamba wapindika, wakhota ngati njoka yowoloka msewu.
Mapiri akutali amaukankha, atero,
nyanja yofunda ndi mtunda wozizira zimaukoka,
mafunde amabadwa, anayi kapena asanu okha
kuzungulira dziko lonse lapansi.
Funde lina likakula limakwera pamwamba pa mitambo
n'kukaswa kamvuluvulu amene amasunga chisanu.
Ife pansi pano sitimva kanthu.
Timayanika zovala, timadandaula za mtengo wa buledi.
Pakapita masabata awiri
mphepo yatembenuka, ikuchokera kum'mawa,
yanyamula Siberia yense m'thumba.

Chala chawo chaima m'chigongono cha lamba.
Ife tili apa, mwana wanga.
Ndipo funde likaima, laima.
Silimva pemphero, silidziwa kuti mita ya magetsi yatsala ndi mapaundi atatu.

Ndikupaka batala pa buledi
ndakumbuka chiperoni cha kwathu ku Thyolo,
nkhungu yoyenda pansi m'mizere ya tiyi,
mayi anga akutiveka majuzi awiriawiri,
akuti mphepoyi yachokera ku Mozambiki.
Ndinkaganiza kuti kumeneko ndiye kutali.
Sindinkadziwa kuti mphepo nayo ili ndi achibale,
kuti walira mvula walira matope,
kuti pamene ife tikuuma kuno
funde lomweli lakhotera kwina,
latengera kutentha ku dziko la madzi oundana,
kumene mwina munthu wina wavula chipewa, akudabwa.

Nthawi yanga pano ndi mphindi makumi atatu.
Zatha kalekale.
Mayi Charlton akundidikira kumtunda kwa phiri,
mapaipi awo anaphulika dzulo,
madzi aundana pa masitepe ngati phula la kandulo.

Ndawamanganso lamba m'chiuno Bambo Hetherington,
ndawonjezera moto wa hita ngakhale akukana,
ndalemba m'buku: adya, amwa mankhwala, acheza.
Mzere wa m'bukumo ndi waufupi,
mtsinje wa mphepo sungakwanemo.

Pakhomo andiitana ndi dzina la mwana wawo
amene ali ku Perth ndipo saimba foni.
Ndayankha.
Lidzawongoka, atero, lipatse masiku khumi.

Panja thambo layera mbee, lopanda chilema,
ngati silinalakwire munthu.
Ndayang'ana kumwamba kufuna kuona pamene pakhota.
Palibe chooneka,
koma kandege kamodzi kakukoka ulusi woyera
ndi mpweya wanga ukukwera,
kadontho kanga kofunda
kamene ndapereka ku mtsinjewo
ndisanakwere phiri.